Mvula Ndiyo Inadula Malire Athu

Tsiku lina mdzukulu wanga wa zaka 11 anabwera kucokera kusukulu nkhope itagwa. Anaponya cikwama pakhonde, nsima anaikana. Nditamunyengerera, anaulula kuti anzake amamucha Mmalawi, cifukwa akatsegula pakamwa pamatuluka Cinyanja ca ku Angónia, osati Cinyungwe kapena Cipwitikizi ca ana a m'tauni. Kenaka anandifunsa kuti, “Agogo, kodi ife kuno ndife alendo?”

Ine ndinabadwira m'mudzi wa kufupi ndi phiri la Domwe, ndipo ndinaphunzitsa ana kumeneko zaka zambiri. Tsopano ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi mumzinda wa Tete, m'bayiro la Filipe Samuel Magaia. Funso la mwanayo linandilasa mtima, pakuti nthawi ya nkhondo, titathawira ku Dedza, anthu ena kumeneko ankaticha Apwitikizi. Uko Mpwitikizi, kuno Mmalawi: nanga kwathu n'kuti? Inu abale anga a m'midzi ya m'malire, funso limeneli mukulidziwa. Ndinamulonjeza mwanayo kuti ndidzamuyankha pang'onopang'ono, madzulo aliwonse dzuwa la Tete likaleka kuwamba. Zimene ndinamuuza ndazilemba pano kuti nanunso mukauze anu.

Mayina a m'tauni

Tinayambira pakhomo pomwe. Ndinamufunsa ngati akudziwa mwini dzina la bayiro lathu, iye anapukusa mutu. Filipe Samuel Magaia sanali wa ku Tete. Anabadwira ku Mocuba, m'cigawo ca Zambézia, mu 1937, ndipo ndiye anali mkulu woyamba wa asilikali a Frelimo pamene nkhondo ya ufulu inkayamba pa 25 Sepitembala 1964. Mu Okutobala 1966, akucokera koyendera asilikali ku Niassa, anawomberedwa ndi msilikali wa m'gulu lake lomwe. Frelimo inati munthuyo anatumidwa ndi Apwitikizi. Ena amatsutsa zimenezi mpaka lero. Magaia anafa ali ndi zaka 29, ndipo amene analowa m'malo mwake anali Samora Machel.

Codabwitsa ndi ici. Olemba mbiri amanena kuti Magaia anali pa cibwenzi ndi mtsikana wina wa m'gulumo, Josina Muthemba. Magaia atafa, Josina anakwatiwa ndi Samora mu 1969, iyenso n'kumwalira pa 7 Epulo 1971, tsiku limene lero timakumbukira amayi a dziko lino. Mumzinda wa Tete muli bayiro la Magaia, la Josina Machel ndi la Samora Machel. Anthu amadutsa m'mabayiro atatuwa tsiku ndi tsiku osadziwa kuti mayinawo amangidwa ndi cingwe cimodzi. Josina anabadwira ku Vilanculos, Samora ku Chilembene m'cigawo ca Gaza. Onse atatu ndi a kutali, koma palibe amene amawacha alendo.

Mayina a boma amavulidwa ngati malaya. Mlatho waukulu umene timawolokera popita kwathu unatsegulidwa mu 1973 ndi dzina la Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal. Caka cotsatira, pa 25 Epulo 1974, mwini dzinayo anacotsedwa pampando, ndipo lero mlathowo ndi wa Samora Machel. Ulónguè wathu ankachedwa Vila Coutinho, Lichinga anali Vila Cabral, Chimoio anali Vila Pery. Tsidya linalo n'cimodzimodzi: Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Chipata anali Fort Jameson. Ngakhale Tete weniweniyu, agogo athu akamabwera kuno ankati akupita ku Nyungwe, ndipo dzina limenelo palibe boma linalipereka kapena kulicotsa.

Miyala imene inapatutsa mzungu

Madzulo ena tinapita kukaima m'mbali mwa Zambezi. Ndinamuuza kuti kukanapanda miyala ina ya mumtsinje umenewu, mwina dziko lochedwa Malawi silikanakhala mmene lililimu. Mwanayo anaseka, koma nkhani yake ndi yoona.

David Livingstone anafika ku Tete mu 1856, akucokera kumtunda kwa Zambezi ndi Amakololo oposa 100 omunyamulira katundu. Anawasiya kuno, iye n'kupita kwawo kukauza Angelezi kuti Zambezi ndi msewu wotseguka wolowera pakati pa Africa. Poyenda ulendo woyambawo anadulira kumtunda, motero sanaone mathithi a Kebrabasa. Atabwera ndi sitima yake yochedwa Ma Robert mu 1858, anapeza madzi akuwinduka pakati pa matanthwe, njira palibe. Dzina la malowo lili ndi mawu akuti basa, amene m'Cinyungwe ndi nchito, ndipo anthu amalimasulira kuti pothera nchito, cifukwa opalasa ngalawa ankalekezera pamenepo. Ndi malo omwewo pamene lero pali damu la Cahora Bassa.

Zambezi atamukana, Livingstone anakhotera mumtsinje wa Shire, ndipo mu Sepitembala 1859 anafika kunyanja. M'mapazi mwake munadzera amishoni a ku Scotland, amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Ena mwa Amakololo ake anakhazikika kumunsi kwa Shire n'kukhala mafumu. Mayina a Kasisi, Katunga ndi Maseya alipobe ku Chikwawa mpaka lero. Kumapeto kwa 1889, asilikali a Serpa Pinto, Mpwitikizi, anamenyana ndi Amakololo a ku Shire. Britain inakwiya, ndipo pa 11 Januwale 1890 inalamula Portugal kuti icotse asilikali ake kumeneko msanga. Portugal inagonja mwamanyazi.

Anthu a ku Lisboa anapsa mtima kwambiri, ndipo m'caka comweco anapeka nyimbo yodandaula yochedwa A Portuguesa, imene inadzakhala nyimbo ya fuko lawo mu 1911. Ife amene tinaphunzira nthawi ya atsamunda tinkaiyimba titaima njo pabwalo la sukulu. Palibe mphunzitsi anatiuza kuti nyimbo ya ku Ulayayo inabadwa cifukwa ca mkangano wa m'cigwa ca Shire, pafupi ndi kwathu.

Mzere wotsata madzi

Mkanganowo unatha ndi pangano la pa 11 Juni 1891 pakati pa Britain ndi Portugal. Amene anasaina anali ku Ulaya, ndipo midzi yathu sanaiwone. Posowa cogawira dziko, anagwirizana kuti mvula iweruze. Kumene madzi amatsikira ku Shire ndi kunyanja kukhale kwa Angelezi. Kumene amatsikira ku Zambezi kukhale kwa Apwitikizi. Ndiye cifukwa cake malire a ku Dedza ndi Ntcheu amayenda pamsana pa mtunda. Dontho logwa mbali iyi limapita ku Linthipe mpaka kunyanja. Logwa mbali inayo limalowa mu Revúbuè, amene amathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Ndinamuuza mwanayo kuti m'madzi amene akuwaonawo muli mvula imene inagwa m'munda mwa agogo ake.

Amene munagulako mbatata ndi kabichi ku Lizulu mukudziwa kuti msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire mwenimweni, moti munthu ukangowoloka msewu wasintha dziko. Cakumpoto, kumene mzere wa madzi unathera, azunguwo anangojambula mzere wowongoka papepala mpaka ku mtsinje wa Luangwa, ndipo amenewo ndiwo malire athu ndi Zambia.

Mzerewo unadula maufumu pakati. Likulu la Chikuse, mfumu ya Angoni a kwa Maseko, linali ku Domwe, mbali ino. Mwana wake Gomani anaphedwa ndi Angelezi mu 1896, mbali inayo. Lero Angoni amodzi omwewo ali ndi Inkosi Gomani ku Ntcheu ndi Inkosi Zintambira ku Angónia. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, kumpoto kwa cigawo cino ca Tete, koma lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, ndipo mwezi wa Ogasiti mafumu a Acewa a maiko atatu amapita kumeneko ku mwambo wa Kulamba. Bungwe la UNESCO litalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, silinathe kumupatsa dziko limodzi. Linalemba Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Zodabwitsa za pangano limenelo sizinathere pamenepo. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi, koma madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Zinapita kwa Angelezi cifukwa amishoni a Anglican anali atakhazikika kale pa Likoma. Ndiponso ku Chinde, kumene Zambezi amathira m'nyanja ya mcere, Angelezi anabwereka kadera kakang'ono kuti likhale doko la Nyasaland. Analemberana zaka 99, koma mtsinje unayamba kukokolola gombe, namondwe anawononga malowo mu 1922, ndipo posakhalitsa anasamuka. Madzi sanadikire kuti pangano lithe.

Dzina limene anamunyoza nalo

Tsiku lacinayi ndinatenga mapu a cigawo ca Tete n'kumuuza mwanayo kuti awerenge mayina a maboma. Anawerenga Angónia, ndinamuuza kuti ndi dzina la Angoni. Anawerenga Macanga, Chifunde, Tsangano. Atafika pa Marávia, likulu lake Fingoè, ndinamuimitsa kuti achulenso pang'onopang'ono. Anachula kawiri, kacitatu n'kutong'ola maso.

Marávia ndi Malawi ndi dzina limodzi. Apwitikizi akale ankalemba kuti Marave ponena anthu a ufumu wa Kalonga, umene unali kumpoto kwa Zambezi mpaka kunyanja. António Gamitto, amene ananyamuka ku Tete mu 1831 kupita kwa Kazembe, anadutsa m'midzi ya makolo athu n'kulemba za miyambo yawo m'buku limene linatuluka mu 1854, ndipo anawacha Maraves ndi Chevas. Pamenepo n'kuti malire kulibe. Dziko la Nyasaland linadzatenga dzina lakuti Malawi mu 1964, litapeza ufulu. Dzinalo tsono linali kuno zaka mazana angapo lisanakhale dzina la dziko, ndipo likadali pamapu athu.

Angoni ndiwo anabwera mocedwa, ndipo kuwoloka kwa gulu limodzi kukudziwika mwezi wake pa cifukwa cacilendo. Anthu a Zwangendaba, makolo a Angoni a kwa Mpezeni ku Chipata ndi a kwa M'mbelwa ku Mzimba, ankasimba kuti tsiku limene anawoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo, dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera, anapeza kuti kadamsanayo anacitika mu Novembala 1835. Nkhani ya pamoto ya agogo inagwirizana ndi masamu a ophunzira. A kwa Maseko anadzera njira yawo, koma nawonso anali kuno malire asanalembedwe.

Malamulo acilendo

Ndinamuuzanso za malamulo awiri amene analamulira m'cigwa cino. Loyamba ndi la minda ikuluikulu yochedwa prazo. Mfumu ya Portugal inkapereka malo m'mbali mwa Zambezi kwa mibadwo itatu yokha, ndipo inalamula kuti colowa cidzere mwa mwana wamkazi, amene ayenera kukwatiwa ndi mzungu wocokera ku Portugal. Colinga cinali kukopa amuna a ku Ulaya kuti adzadzaze dziko. Zinatembenuka: azungu obwera anali ocepa, akazi eni malo aja, amene ankachedwa madona, anakwatiwa ndi amwenye a ku Goa ndi ana obadwira kuno, ndipo zidzukulu zawo zinayamba kulamulira ngati mafumu a kuno ndi asilikali awo, Acikunda. Mmodzi wa iwo, Bonga wa ku Massangano, anagonjetsa magulu a nkhondo amene boma la Apwitikizi linamutumizira pakati pa 1867 ndi 1869. Ife Acewa, amene mbumba yathu imatsata mayi, tingaseke kuti mfumu ya ku Ulaya inalemba papepala zimene agogo athu ankacita kale.

Laciwiri siloseketsa. Lamulo la atsamunda linagawa anthu pawiri: nzika, ndi ochedwa indígena, kutanthauza eni nthaka. Mwini nthaka sanali nzika. Ankayenda ndi kabuku kochedwa caderneta, ankagwidwa kupita ku cibalo, ndipo akalakwa ankamenyedwa m'manja ndi thabwa la mabowo limene akuluakulu amalicha mbalamatodya. Malinga ndi lamulo la 1954, munthu wakuda wofuna kukhala nzika anayenera kupitirira zaka 18, kuyankhula bwino Cipwitikizi, kukhala ndi nchito yodyetsa banja lake, ndi kuonetsa kuti watengera makhalidwe a Apwitikizi. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961. Tangoganizani: munthu wobadwira pamanda a makolo ake ankayenera kupempha cilolezo kuti awerengedwe ngati wa m'dziko, ndipo mtengo wake unali kusiya ciyankhulo ca mayi ake.

Cimene cinandipweteka pa misozi ya mdzukulu wanga n'cakuti ana amene anamuseka, mosadziwa, ankayeza mnzawo ndi muyeso womwewo wa atsamunda. Koma malamulo a lero ali kumbali yake. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati boma limalemekeza ziyankhulo za dziko lino monga cuma ca cikhalidwe ndi maphunziro. Ndipo pamene boma linayesa koyamba kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha ziwiri zokha: Cicangana ku Gaza, ndi Cinyanja kuno ku Tete.

Zimene timaona tsiku ndi tsiku

Zina ndinamuonetsa tikupita kumsika. Ku Portugal galimoto zimayenda kudzanja lamanja, ku Angola n'cimodzimodzi, koma ku Mozambique zimayenda kumanzere. Kale Portugal nayo inkayenda kumanzere. Inasintha mu 1928, koma dziko lino linasiyidwa mmene linalili cifukwa lazunguliridwa ndi maiko oyenda kumanzere. N'cifukwa cake woyendetsa lole akawoloka pa Zóbuè kapena pa Calómuè sasintha mbali. Ngakhale atsamunda anavomereza kuti mnansi amaposa mbuye wakutali. Mu 1995 Mozambique inalowanso m'bungwe la Commonwealth, ngakhale kuti sinalamulidwepo ndi Britain.

Ndalama nazo zili ndi nkhani. Metikali inalowa m'malo mwa escudo pa 16 Juni 1980, koma dzina lake ndi lakale kuposa Apwitikizi: limacokera ku mawu a Ciarabu akuti mithqal, muyeso woyezera golide umene amalonda a kugombe ankagwiritsa nchito. Mu 2006 boma linadula maziro atatu, koma mpaka lero mayi wa pamsika amakuuzani mtengo m'makonto, mawu a nthawi ya escudo. Ndipo ndalama za anansi athu, Kwacha ya Zambia ya 1968 ndi Kwacha ya Malawi ya 1971, zili ndi dzina la m'ciyankhulo cimene mdzukulu wanga anasekedwa naco. Tambala ndi yemwe uja amalira kukamaca.

Mawu nawo sadziwa malire. Mmalawi wa ku Lilongwe amene sanapondepo ku Mozambique amavala nsapato, amadya mbatata, amalemba kalata, amakonza makina, amakwera bulu, amaopa kapitawo, ndipo ena amamwa kacasu. Mawu onsewa ndi a Cipwitikizi: sapato, batata, carta, máquina, burro, capitão, cachaça. Anakwera ndi amalonda kucokera m'cigwa ca Zambezi ndi kugombe. Ngakhale cimanga, cinangwa ndi mtedza zinacokera ku America. Makolo akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Tikati tithamangitse ciliconse cobwera, tiyambira m'mbale yathu.

Yankho langa

Usiku womaliza mwanayo anandifunsanso kuti, “Ndiye agogo, mawa akandinenanso ndiwayankhe ciyani?” Ndinamuuza kuti asamenyane ndi munthu, ndipo asanyoze Cinyungwe, cifukwa naco ndi ca mtsinje uno kuyambira kalekale, aciphunzire, ndi Cipwitikizi comwe. Koma awauze kuti iye ndi nzika ya Mozambique, wobadwira m'cigawo ca Tete, ndipo awaonetse Marávia pamapu. Patapita masiku anandiuza kuti mphunzitsi wawo anamuimiritsa kutsogolo kuti afotokozere kalasi yonse nkhani ya mvula ndi malire. Ena amamuchabe Mmalawi, koma tsopano nsima amadya.

Sindikunena kuti malire ndi opanda pake. Ndi lamulo, ndipo powoloka tiyenera kukhala ndi mapepala oyenera. Ife amene tinathawa nkhondo tikudziwanso kuti mzere womwewo unapulumutsa miyoyo yathu mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Ndikungonena kuti malirewo ndi a 1891, pamene manda athu, madambwe athu ndi ciyankhulo cathu ndi zakale kuposa pamenepo. Cibale ndi fupa, siciola.

Pempho langa kwa inu a kumudzi ndi ili. M'midzi mwanu mukadali okalamba amene anayenda ndi caderneta, amene amadziwa dzina lakale la dambo lililonse ndi pamene panali mwala wa malire. Khalani nawo pansi, afunseni, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe m'Cinyanja. Ana athu ambiri akupita kumatauni, ku Tete, ku Moatize, ku Beira, ndipo kumeneko adzafunsidwa kuti kwawo n'kuti. Asacoke pakhomo alibe yankho.